Phazi Limene Linandibweza Kusukulu

Ndinali nditagwira ntchito ya unamwino zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinabwerera kusukulu. Anthu akandifunsa chimene chinandituma, ndimangoti ndinkafuna kuwonjezera maphunziro, poti yankho limeneli n'lalifupi ndipo siliitana mafunso ena. Koma kunena zoona, chinandituma ndi phazi la bambo wina wa ku Chisemphere.

Masiku amenewo ndinkagwira pa chipatala chaching'ono chakumudzi. Ukaima pakhonde pake, kulikonse kumene ungayang'ane unkangoona minda ya fodya ndi zigafa za udzu, mpaka kumene maso athera. Anamwino tinalipo awiri basi: ine ndi Asisita aakulu, mayi wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono, amene anayamba ntchitoyi ine ndikadali kumsana kwa amayi anga. Pa mapepala ine ndinali pamwamba pawo, chifukwa ndinali ndi digiri pamene iwo anali ndi satifiketi yakalekale. Koma mayi woyembekezera akangolowa pakhomo, iwo ankadziwa kale ngati abereka bwino kapena tiitane ambulansi, ine ndikufunafunabe cholembera.

Bambowo anabwera mu Febuluwale, nthawi yothyola fodya. Anali munthu woonda, wamtali, wa zaka zopitirira makumi asanu, ndipo anabwera ndi akazi awo. Phazi lamanja analikulunga ndi chidutswa cha chitenje.

"Palibe chovuta, anesi," anatero akumasula nsaluyo. "Ndinaponda kachitsa m'munda. Sipakupweteka n'komwe. Andikakamiza ndi amayiwa."

"Fungo, anesi," anatero akazi awo. "M'nyumba simukukhalika."

Bala linali pansi pa phazi, pafupi ndi chala chachikulu, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo, koma lakuya ndithu. Ndinalitsuka, ndinamanga bandeji, ndinawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti azibwera pakapita masiku awiri aliwonse. Ine ndikutsuka, iwo ankacheza ndi akazi awo za masamba amene anawasiya pansi osasoka. Sanabuule ngakhale kamodzi. Mumtima ndinkangoti bambo awa ndi olimba.

Ankabwera akapeza mpata, nthawi zina patapita masiku anayi, bandeji itada bii ndi matope. Ndikawakalipira kuti asamalowe m'munda ankaseka. "Fodya akapsa m'munda, anesi, andithyolere ndani?" Sabata zitatu zinatha, bala likungokula. Ndinasintha mapiritsi, ndinasintha mankhwala otsukira, koma sizinathandize.

Tsiku lina Asisita ankadutsa ndi beseni pamene bambowo anapempha madzi akumwa kachitatu. Anaima, anayang'ana phazi lija, anayang'ananso mwini wake.

"Bambo, mukagona mumadzuka kangati kukataya madzi?"

"Aa, sindiwerenga, mayi. Mwina kasanu."

Asisita anandikokera pambali. "Mwana wanga, bambo awa munawayeza shuga?"

Sindinawayeze. Za matenda a shuga ndinaphunzira kusukulu, ndipo mayeso ake ndinakhoza bwino. Koma m'mutu mwanga anali matenda a anthu onenepa a m'maofesi, omwa tiyi wamkaka katatu patsiku. Sindinaganizeko kuti angagwire mlimi woonda amene amalowa m'munda dzuwa lisanatuluke. Titawayeza, nambala imene inaoneka pa kamakina inali yokwera moopsa. Tinawatumiza ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Patapita sabata ziwiri tinamva kuti mwendo awudula m'munsi mwa bondo.

Anabweranso mu Julayi, akuyenda ndi ndodo ziwiri, akazi awo atasenza kadengu ka mtedza. Ndinkayesa abwera kudzandizazira, ndipo ndikanavomera. Koma anakhala pa benchi, anavula chipewa n'kunena kuti, "Tabwera kudzathokoza. Kuja anatiuza kuti tikanachedwa sabata ina ndikanapita. Mukanapanda kutitumiza inu, bwenzi pano atandiika kale."

Ndinalandira mtedzawo ndi manja awiri. Atangotuluka ndinapita kuseri kwa chipatala, pafupi ndi thanki ya madzi, ndipo ndinalira ngati mwana. Asisita anandipeza komweko. Sanandigwire paphewa, sanandiuze kuti si vuto langa. Anangoima mpaka nditatonthola.

"Mwatha?" anandifunsa.

"Ndatha."

"Ndiye mverani. Kulira kumeneku sikubweza mwendo. Ine ndinamuzindikira shugayo chifukwa ndawaona ambiri otere. Koma mutandifunsa chifukwa chake bala lotere silipweteka, kapena chochita kuti lipole, sindingakuuzeni. Ndimangodziwa kuti akatere amadulidwa. Pitani mukaphunzire, mudzatiuze."

Tsiku limenelo anandiuza chinthu chimene anali asanandiuzepo. Ali achitsikana anasankhidwa kawiri konse kuti akawonjezere maphunziro. Ulendo woyamba anali ndi pakati. Wachiwiri amuna awo anakana. Kachitatu palibe amene anawaitana. Anazinena mosadandaula, ngati akukamba za mvula ya chaka chatha.

Patapita mwezi anabwera kuchokera ku msonkhano wa kuboma ndi pepala lopindapinda m'chikwama. Linali chidziwitso chakuti sukulu ya ukachenjede ikufuna anamwino a digiri oti akachite digiri yachiwiri, ya zaka ziwiri, ndipo gawo lina linali la matenda amgonagona a akuluakulu, monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Osankhidwa ena ankawalipirira fizi. Pepalalo anandiikira pamwamba pa kaundula wa odwala, kuti ndisalembe kanthu ndisanalione.

Kunyumba nkhaniyi sinali yapafupi. Amuna anga ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo tinali ndi ana aakazi awiri, wamkulu ali sitandade fili, wamng'ono wa zaka zitatu. Nditawauza anakhala chete masiku atatu. Ankadya, ankapita kuntchito, ankachonga makope a ana pakhonde, koma za nkhaniyo osatchula. Tsiku lachinayi m'mawa, akupukuta nsapato, anati, "Amayi, Loweruka tipite ku Kapelula. Nkhani iyi ndi yaikulu, sitingaimalize awiriwiri."

Ku Kapelula ndi kwawo, kumene kunali apongozi anga aakazi, amasiye, mayi wa chigwirizano amene sukulu anailekera sitandade thuu. Tinawapeza akutong'ola chimanga pamkeka. Ine ndinagwada chapatali, amuna anga n'kufotokoza.

"Sukulu?" anadabwa apongozi. "Kodi simunamalize? Nanga pa chinkhoswe paja, pamene tinkavina kuti mwana wathu akutenga namwino womaliza sukulu, tinkavinira chiyani?"

Ndinawafotokozera za bambo a ku Chisemphere, zonse, osabisa kuti ndinachedwa kuwayeza. Anasiya kutong'ola. Anaika pansi chitsononkho chimene chinali m'manja mwawo. Kenako anati mlongo wawo, amene anamwalira amuna anga ali aang'ono, anayamba chimodzimodzi, kabala ka pachala kosapola, ndipo mudzi wonse unkati anaponda mankhwala kumalire a munda. Mabanja awiri anasiya kulankhulana chifukwa cha maliro amenewo.

"Ndiye mukuti anali matenda?"

"Sindingalumbire, amayi, poti sindinawaone. Koma zikufanana."

"Pitani," anatero. "Anawa ndibwera kudzakhala nawo ine."

Sindinamvetse msanga kukula kwa mawu amenewo. Mayi wa zaka zawo kusiya nyumba yake, nkhuku zake, munda wake, kukapanikizana m'nyumba ya aphunzitsi ya zipinda ziwiri kwa zaka ziwiri. Munda anaupereka kwa mwana wa mng'ono wawo kuti azilima. Anabwera ndi chikwama chimodzi, Baibulo, ndi khasu lawo, ati makasu a eni ake amatupitsa manja.

Ndinalemba kalata yofunsira malo, ndinapita kukayankha mafunso, ndipo dzina langa linatuluka. Ndinanyamuka mu Januwale, mvula ikugwa, kuwasiya Asisita okha pa chipatala. Namwino wolowa m'malo mwanga anafika patapita miyezi isanu. Miyezi yonseyo anagwira okha, kusikelo, kwa amayi oyembekezera, kumabala, ndipo ndikawaimbira foni ankangoti, "Kuno kuli bwino. Mwawerenga lero?"

Kusukulu ndinakazindikira kuti ndine wakumudzi kuposa mmene ndinkadziwira. M'kalasi tinalipo khumi ndi awiri. Ambiri anachokera m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, ndipo ankatchula makina amene ine ndinangowaona pa zithunzi. Laputopu ndinali nayo, koma ndinkalemba ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikutola chimanga. Ntchito yoyamba imene anatipatsa ndinailemba masiku asanu, kenako ndinadina pena pake, yonse n'kusowa. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, namwino wa kuwodi ya odwala mwakayakaya, anaipeza m'mphindi ziwiri. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse m'mawa ankandikhazika pansi kundiphunzitsa kompyuta, osandiseka ngakhale ndifunse chinthu chomwecho kachinayi. Ndinalibe chomuthokozera nacho koma ufa woyera ndi nsinjiro zimene apongozi ankanditumizira pa basi.

Mphunzitsi amene anandiyang'anira pa kafukufuku anali mayi wa imvi, wovala magalasi pamphuno, ndipo ophunzira tonse tinkawaopa. Tinkangowatchula kuti madamu. Nditawapatsa mutu wa kafukufuku wanga, anawerenga tsamba loyamba lokha n'kundibwezera.

"Izi ndinaziwerenga kale m'mabuku a kunja, ndipo eni akewo anazilemba bwino kuposa inu. Mwachokera kuti?"

"Ku Kasungu, madamu."

"Ku Kasungu kulibe odwala?"

Ndinayamba kuwafotokozera za phazi lija, mwamanyazi, ndikuyesa kuti andidula. Sanandidule. Anavula magalasi n'kumvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye bwanji mukundibweretsera za anthu oyenda pa galimoto? Kafunseni alimi anuwo mmene amakhalira ndi shuga nthawi ya fodya. Zimenezo palibe buku limene lingandiuze."

Anali ovuta ndithu. Tsamba lililonse linkabwerera lili psuu ndi inki yofiira. Koma sanadulepo mzere osalemba pambali chifukwa chake, ndipo chitseko cha ofesi yawo sichinkatsekedwa.

Chimene sindidzaiwala ndi tsiku limene anatitengera ku kiliniki ya shuga ya pa chipatala chachikulu. Anatipatsa aliyense kaulusi kolimba, konga ka mbedza, kotalika ngati chala. Wodwala amatsinzina, iwe n'kumamugunda nako pansi pa phazi malo osiyanasiyana, iye azinena akamva. Wodwala wanga woyamba anali agogo ena aakazi ochezeka kwambiri. Ndinagunda chala chachikulu mpaka kaulusi kupindika. Iwo anangokhala chete, akumwetulira, maso ali chitsinzinire. Ndinagunda pena, ndi penanso. Kenako anafunsa, "Mwayamba, mwana wanga?"

Apo m'pamene ndinamvetsa. Shuga akakhalitsa m'thupi amapha mitsempha yomvera ululu, kuyambira kumapazi. Munthu amaponda minga, msomali, khala lamoto, osamva kanthu, n'kumayendabe pabalapo mpaka litaola. Mawu aja akuti "sipakupweteka n'komwe" anali chizindikiro chachikulu kuposa zonse, ndipo bambo aja anandipatsa tsiku loyamba lenilenilo, asanamalize n'komwe kumasula nsalu. Ndinafuna kutuluka panja, koma pamzere panali odwala ena ambiri akudikira. Ndinawayeza onse.

Miyezi yotsatira ndinaphunzira kufufuza kugunda kwa magazi paphazi, kuchotsa mnofu wakufa pabala, ndi kusintha mlingo wa mankhwala malinga ndi mmene munthu alili. Ndinaphunziranso kusiyanitsa bala limene tingalisamalire pa chipatala chaching'ono ndi limene liyenera kunyamuka tsiku lomwelo. Ndipo ndinadziwa kuti bala la pansi pa phazi silingapole munthu akamalipondabe, ngakhale ulitsuke ndi mankhwala amtundu wanji.

Chakumapeto kwa chaka choyamba, kutatsala masiku awiri kuti tiyambe mayeso, amuna anga anaimba masana kuti wamng'ono wathu wagwidwa ndi malungo aakulu ndipo wakomoka kamodzi. Ndinayamba kulongedza. Ndili mkati molongedza foni inaliranso. Anali apongozi.

"Mukutani?"

"Ndikubwera, amayi."

"Mukubwera kudzatani? Mwana ali m'manja mwa Asisita anu. Amubaya kale, diripi ikuyenda, ine ndili pambali pake. Mukafika mawa mudzachita chiyani chimene iwowa sakuchita? Khalani pansi mulembe mayeso. Zikasintha ndikuuzani ndine, sindikubisirani."

Ndinakhala. Sindinganame kuti ndinalemba bwino. Phunziro la masamu a kafukufuku ndinalephera, ndipo ndinachita kulembanso patapita miyezi iwiri. Koma mwana anachira, ndipo apongozi ankaimba m'mawa ndi masana tsiku lililonse kundiuza kuti wadya masupuni angati a phala.

Nditafika kunyumba patchuthi, wamkuluyo anandithamangira. Wamng'ono anabisala kuseri kwa chitenje cha agogo ake n'kumandisuzumira. Nditamutambasulira manja anafunsa agogo akewo kuti, "Anti awa agona kuno?" Zinandilasa mumtima kuposa kulephera mayeso kuja. Apongozi anandiletsa ndi maso kuti ndisamukakamize. M'mawa mwake anadzuka n'kunena kuti msana wawagwira, sangathe kusambitsa mwana kapena kumuphikira phala. Msana umenewo unawagwira tchuthi chonse, ngakhale ndinkawaona akulima kuseri kwa nyumba popanda vuto lililonse. Pofika sabata yachiwiri mwana anali akugona pamiyendo panga.

Ndinamvanso kwa anansi kuti anthu ena ankati mkazi wa aphunzitsi wathawira kutauni, akabwerako ndi mwamuna wina. Apongozi anaimirira pa msonkhano wa amayi a chigwirizano n'kunena kuti amene ali ndi funso lokhudza mpongozi wawo afunse iwowo, poti anamutuma ndi iwo. Eni akewo sanandiuzepo zimenezi mpaka lero.

Chaka chachiwiri ndinabwerera ku Kasungu miyezi itatu kudzachita kafukufuku uja, ndipo inali nthawi ya fodya. Odwala shuga amene anavomera kucheza nane anali a ku Chisemphere, ku Lukwa ndi midzi yozungulira. Kuwaitanira kuchipatala kunali kosatheka, moti ndinkawatsatira m'zigafa. Loweruka amuna anga ankandikweza pa njinga yamoto yobwereka, masiku ena ndinkayenda pa kabaza. Ndinkakhala pansi, fungo la masamba likundizunguza mutu, iwo akusoka fodya, ine ndikufunsa. Kuti ndisaoneke mlendo ndinaphunzira kusoka nanenso, ndipo manja ankada ndi utomoni wosachoka ndi sopo.

Zimene ndinamva m'zigafamo zinandichititsa manyazi ndi malangizo amene ndinakhala ndikupereka zaka zonse zija. Ndinkauza anthu kuti azivala nsapato. Bambo wina anandionetsa zake, zopukutidwa bwino, zili m'jumbo kudenga. "Izi ndi za kutchalitchi ndi kumaliro, anesi. Ndikalowa nazo m'matope, Lamulungu ndivala chiyani?" Ambiri ankasiya mankhwala kuyambira Januwale mpaka fodya atapita ku okushoni, osati chifukwa cha mwano, koma poti kupita kuchipatala kunali kutaya tsiku lathunthu pamzere, masamba akupsa m'munda. Mayi wina wa ku Lukwa anandiyang'ana m'maso n'kuti, "Inu mumati tizidya pa nthawi yake tisanamwe mapiritsi. M'mwezi uno wa Febuluwale nthawi yake ndi iti? Ife timadya kamodzi, dzuwa litapendeka." Ndinangolemba.

Bambo a mwendo umodzi aja ndinawasiya komalizira, chifukwa ndinkaopa. Ndinawapeza atakhala pakhomo pa chigafa, ndodo zili pambali, akusankha masamba ouma, aatali paokha, ofiirira paokha. M'munda sankalowanso. Ankalima ndi akazi awo ndi ana. Anandilandira ngati m'bale. Titamaliza mafunso a papepala ndinazimitsa chojambulira mawu n'kuwauza zimene zinali kukhosi kwanga nthawi yonseyi: kuti tsiku loyamba lija anandipatsa chizindikiro ndipo sindinachimve, kuti ndikanawayeza tsiku lomwelo mwina mwendo ukanakhalapo.

Anapitiriza kusankha masamba. Akazi awo, amene anali chapafupi, anaweramitsa mutu.

"Mwina," anatero bambowo. "Mwinanso ine ndikanamva zanu zoti ndisalowe m'munda. Ndinkalowa ndi bandeji yanu yomweyo." Anaika tsamba pamulu. "Ndiye pano mukudziwa?"

"Ndikuphunzira, bambo."

"Chabwino. Mng'ono wanga ali apoyo wayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, ndipo akuonda. Ndikamuuza ine samva. Mumuone musanapite."

Kamakina ndinali nako m'chikwama, ndi kaulusi komwe. Mng'ono wawoyo, bambo wa banja lake, anabwera monyinyirika, manja ali bii. Shuga anali wokwera, koma kaulusi anakamva malo onse, mpaka kuseka kuti ndikuwagirigisha. Ndinawalembera kalata yopita nayo kuchipatala, ndipo akulu awowo anati awaperekeza okha, ngakhale pa ndodo. Mpaka lero munthu ameneyo ali ndi mapazi ake onse awiri. Amabwera kudzatenga mankhwala, ngakhale nthawi zambiri amachedwa.

Buku la kafukufukulo madamu analibweza kasanu ndi kamodzi. Ulendo wachisanu ndi chiwiri analiwerenga ine nditakhala pomwepo, analitseka n'kunena kuti, "Tsopano ndamva mawu a anthu a ku Kasungu." Sanawonjezere china, koma ine ndinatuluka muofesimo ndikuyenda ngati munthu wokhululukidwa machimo.

Tsiku lolandira digiri, amuna anga anabwera ndi ana ndi apongozi. Anabweranso ndi Asisita, amene anali atapuma pa ntchito n'kubwerera kumudzi kwawo. Anachita kukawatenga osandiuza. Mwambo utatha, Asisita anagwira gauni yanga ndi zala ziwiri n'kumaisisita.

"Ndimayesa ndi yolemera," anatero.

Ndinaivula n'kuwaveka, ndi chipewa chomwe. Anakana kawiri, kachitatu anaima njoo, wojambula n'kujambula. Apongozi anaimba nthungululu mpaka anthu kutembenuka, kenako anandifunsa, "Tsopano yatha, kapena kuli inanso?" Ndinati yatha. "Chabwino," anatero. "Nkhuku zanga zandiiwala."

Pobwerera pa basi ndinakhala mpando umodzi ndi Asisita, ndipo anandifunsa mafunso ulendo wonse ngati ndili pa mayeso ena. Ndinawafotokozera za mitsempha yakufa, ndinawaonetsa kaulusi, anakayesa pa dzanja lawo. Anayang'ana pawindo. "Ohoo," anatero. "Ndiye chinali chimenecho, zaka zonsezi." Ndinafuna kuwathokoza bwinobwino pamenepo, koma mawu amene ndinakonza anandithawa. Ndinangowagwira dzanja mpaka titawoloka mtsinje wa Bua.

Tsopano ndimagwira pa chipatala cha kuboma, ndipo Lachinayi lililonse ndimakhala ndi kiliniki ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anzanga ena a m'kalasi anapita kukaphunzitsa, ena ali m'mizinda. Ine ndinapempha kubwerera kuno. Nthawi ya fodya, amene shuga wawo wakhazikika timawapatsa mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, kuti asamataye masiku pamzere. Kamodzi pamwezi ndimayendera zipatala zazing'ono kukakambirana ndi anamwino anzanga, ndipo nkhani yanga ndimaiyamba ndi kulakwitsa kwanga komwe. Miyendo ikudulidwabe. Ena amafika mochedwa, ndipo masiku ena timapepala toyezera shuga timatha. Koma munthu akakhala pamaso panga n'kuvula nsapato, ndimadziwa choyang'ana, ndipo sindiiwala kuti kudziwako anandilipirira ndi anthu amene dzina lawo silili pa satifiketi.

Chimene chikuthandiza kwambiri sichinachokere m'buku. Nditaona kuti odwala ambiri sangathe kuona pansi pa mapazi awo, ena poti maso anayamba kuchita chidima, ndinayamba kuitana amuna ndi akazi awo limodzi, kuti wina aziyang'ana mapazi a mnzake akamaliza kusamba. Poyamba azibambo ankakana, ati n'zachibwana. Mwezi watha kunabwera banja lina, okalamba onse awiri. Amayiwo ndi amene anaona kaminga kamene kanalowa pakati pa zala za amuna awo, pasanayambe kutukusira, ndipo tinakachotsa tsiku lomwelo. Ndikumanga kabandeji, abambowo anachita ngati akundinong'oneza, koma mokweza kuti onse amve.

"Anesi, takhala m'banja zaka makumi anayi, amayiwa sanandigwirepo phazi. Pano tsiku lililonse akuti bweretsani kuno. Mwawapatsa udindo woopsa."

"Ndikanapanda ine bwenzi mukuyenda ndi minga mpaka Khirisimasi," anayankha amayiwo, akuwaveka nsapato.

Anthu onse a pabenchi anaseka. Ndinawalembera tsiku lobweranso, n'kuitana wotsatira.